MASITOLO A MAKONDE AJA: ZIMENE ZIDACHITIKA AMWENYE ATACHOKA M'MIDZI

Aliyense woyenda m'misewu ya dziko lino amaona m'malo ambiri ochitira malonda mzere wa masitolo akale a njerwa zootcha, a khonde lalitali kumaso ndi malata ofiira ndi dzimbiri. Ena adasanduka zigayo, ena matchalitchi, ndipo ena adangogwa. Ife amene tidali pasukulu m'zaka za m'ma 1970 tidaona ndi maso athu masitolo amenewa akusintha manja. Ndaona kuti n'kwabwino tikumbutsane mbiri yake, anzanga, chifukwa ikutiphunzitsa kuti boma lingathe kumpatsa munthu nyumba ya sitolo, koma malonda sayenda ngati palibe mpamba, kopikula katundu, luso losunga mabuku ndi ogula okhala ndi ndalama m'thumba.

Malonda a m'masitolo m'dziko muno adayamba ndi kampani ya African Lakes, ija tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala, imene idakhazikitsidwa ku Scotland m'chaka cha 1878. Pambuyo pake kudabwera ena monga Kandodo. Amwenye, ambiri mwa iwo ochokera m'chigawo cha Gujarat ku India, adayamba kufika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mkulu woyamba wa boma la atsamunda, Harry Johnston, adalimbikitsa kubwera kwawo. Adakhazikika kwambiri ku Limbe ndi ku Blantyre, kenaka n'kufalikira paboma lililonse mpaka kumidzi yakutali kumene Mzungu sakadalola kukhala. Kwa Mmwenye n'kumene makolo athu ankagula mchere, palafini, sopo, makasu, mabulangete ndi nsalu. Pakhonde pankakhala telala ndi makina ake, ndipo munthu akagula nsalu m'kati ankasoketsa pomwepo.

Mphamvu ya Mmwenye wa kumudzi idali kumbuyo kwake. Mbale wake wa ku Limbe ankampatsa katundu pangongole, namutumizira palole, ndipo iye ankabweza akagulitsa. Banja lonse linkagwira ntchito m'sitolomo n'kumagona kuseri kwake, choncho ndalama zolipira antchito ndi lendi zinkachepa. Munthu wakuda analibe mwayi wotere. Boma la atsamunda lidaika lamulo loletsa kupereka ngongole yaikulu ya malonda kwa eni dziko, ndipo mabanki sankamukongoza munthu wopanda chikole. Malo a makolo, amene ali m'manja mwa mfumu, sakadakhala chikole. Motero Mmalawi wofuna malonda ankathera pa okala, pakantini ya tiyi ndi masikono, kapena pakhonde paja. Dandaulo loti eni nthaka adasanduka oonerera pamalonda a m'dziko lawo lomwe lidali loona.

Titalandira ufulu m'chaka cha 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidafuna kuyankha dandaulo limeneli. M'chaka cha 1970 lidalamula kuti Amwenye ayambe kuchoka m'midzi ndi kusiyira Amalawi masitolo. Pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Anthu ambiri adaombera m'manja. Koma tisaiwale kuti ena mwa ochotsedwawo adabadwira konkuno, ankayankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka bwino lomwe, ndipo sankadziwa kwawo kwina. Ena adakapanikizana m'tauni, ena adanyamuka kupita ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester.

Boma lidadziwa kuti eni masitolo atsopanowo adzasowa kopikula katundu. Kudzera m'bungwe lake la Malawi Development Corporation lidatsegula nyumba za Chipiku m'maboma ndi m'malo akuluakulu a malonda. Nayo kampani ya Press, imene idali m'manja mwa Kamuzu, idatsegula masitolo a PTC. Mbewu za alimi ang'onoang'ono zidali kale m'manja mwa boma, ndipo kuyambira 1971 wogula wamkulu adali ADMARC. Tikaonetsetsa, mbali ya malonda yokhala ndi phindu lalikulu, monga kuitanitsa katundu kunja, kupikulitsa ndi kugula mbewu, idapita kuboma ndi kumakampani akuluakulu. Mmalawi wamba adatsala ndi kauntala ndi mashelefu. Popikula ankayenera kupita ndi ndalama m'manja, mayendedwe adali akeake, ndipo mitengo ya katundu wambiri inkaikidwa ndi boma, kotero kuti phindu pa paketi ya shuga lidali lochepa zedi.

Malume anga adali mmodzi wa anthu amene adalowa m'masitolo amenewa. Adabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni m'chaka cha 1975, boma litaimitsa ulendo wa Wenela kaamba ka ngozi ya ndege imene idapha Amalawi ambiri ku Francistown mu 1974. Ndalama zonse zimene adasunga adagulira sitolo ndi katundu woyamba. Sadali munthu waulesi kapena wa mowa. Koma pamudzi, mwini sitolo ndiye amene amaonedwa kuti ali nazo. Pakagwa maliro, nsalu inkachokera m'sitolo. Mlamu akabwera kuti "Mundikongozeko sopo, ndidzabweza ndikagulitsa mtedza," adalibe mawu omukanira. Fizi ya ife adzukulu awo inkatuluka m'kabati yomweyo. Ndalama ya mpamba ndi ya phindu zinkasakanikirana, popeza palibe adawaphunzitsapo kuzilekanitsa. Pang'onopang'ono mashelefu adayamba kuoneka matabwa, telala wa pakhonde adasamuka, ndipo pofika 1981 chitseko chidatsekedwa. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu mukudziwa wina wa kwanu amene zidamuchitikira chimodzimodzi.

Si abale okha adagwetsa masitolowa. Mtengo wa mafuta udakwera kwambiri padziko lonse mu 1973 ndiponso mu 1979. Nkhondo ya ku Mozambique idadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ndipo katundu adayamba kuzungulira njira zazitali zokwera mtengo. Koma chachikulu chidali umphawi wa wogula. Mitengo imene alimi ankalandira pa mbewu zawo idali yotsika, ndipo fodya wa bale, amene adali ndi ndalama, ankaloledwa kumaesiteti okha mpaka 1990. Sitolo ya kumudzi imadya m'thumba la mlimi. Mlimi akasauka, ngakhale mwini sitolo akhale wochenjera bwanji, sangagulitse kanthu.

Patapita zaka pafupifupi khumi, m'pamene padayamba kubadwa mabungwe othandiza amalonda ang'onoang'ono. DEMATT idayamba mu 1979 kuti iziphunzitsa amalonda kasungidwe ka mabuku ndi kayendetsedwe ka bizinesi. MUSCCO idakhazikitsidwa mu 1980 pogwirizanitsa magulu osunga ndi kukongozana ndalama, amene ambiri adayambitsidwa ndi mpingo wa Katolika m'zaka za m'ma 1970. SEDOM idakhazikitsidwa mu 1982 kuti izipereka ngongole. M'chaka cha 1990, Mayi Joyce Banda, amene adadzakhala mtsogoleri wa dziko lino mu 2012, adayambitsa bungwe la amayi amabizinesi la NABW. Zonsezi zidali zofunika, koma kwa masitolo ambiri a m'midzi thandizoli lidafika madzi atafika kale m'khosi. Chikadayamba ndi maphunziro ndi ngongole, masitolo n'kubwera pambuyo, mwina makonde ambiri aja bwenzi akadali ndi moyo.

Mphepo idasinthanso. Mu 1987 boma lidalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, ziletso za malonda zidachotsedwa, ndipo chaka chomwecho kwacha idasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo wake, n'kugwa kwambiri. Misewu ya m'tauni idadzaza mavenda, kaunjika adalanda msika wa atelala, ndipo Amwenye ambiri sadabwererenso kumidzi ngakhale adaloledwa. Ufulu wochita malonda udafika kwa aliyense, koma vuto la mpamba lidatsala pomwepo.

Chimene ine ndaona n'chakuti amene adapita patsogolo m'zaka zotsatira ndi aja adachita pagulu zimene banja la Mmwenye linkachita pachibale. Alimi amene adapanga NASFAM mu 1997 adayamba kugulitsa mbewu pamodzi ndi kubwereka lole imodzi m'malo moti aliyense avutike yekha. Lamulo latsopano la makoparetivi lidakhazikitsidwa mu 1998, ndipo alimi a khofi a kumpoto, amene kale ankayang'aniridwa ndi bungwe la boma, adakhala ndi mgwirizano wawo wa Mzuzu Coffee mu 2007. Nawo amayi a banki m'khonde apeza yankho la vuto lija la malume anga: ndalama ikakhala ya gulu, yolembedwa m'buku pamaso pa onse, mlamu sangaitenge ndi mawu okoma. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Chaka ndi chaka sukulu yathu imatulutsa ana a Folomu 4, ndipo ambiri a iwo sapeza malo kuyunivesite kapena ntchito yolembedwa. Amathera pamalonda ang'onoang'ono. Pamene bungwe lathu likukambirana zokhazikitsa thumba lothandiza achinyamata amenewa, pempho langa n'lakuti tisabwereze zija za 1970, zompatsa munthu chitseko ndi kiyi n'kumusiya yekha. Pakati pathu pali owerengera ndalama, alangizi a zaulimi, ogwira ntchito m'mabanki ndi amalonda okhwima. Tiyambe ndi kuwaphunzitsa anawa kulekanitsa mpamba ndi phindu, tiwaike m'magulu oti azipikula pamodzi, ndipo ngongole ibwere pambuyo pake. Amene muli ndi maganizo ena, kapena mukukumbukira bwino zimene zidachitika kwanu, lemberani akonzi a kalata ino kuti tidzakambirane pamsonkhano wathu wa pachaka.