Kuyenda pamsana pa mapiri a Thambani m'nyengo zosiyanasiyana za chaka

Kummwera kwa boma la Mwanza, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Mozambique, kuli mtandadza wa mapiri a Thambani. Mapiriwa sangayerekezedwe ndi Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, ndipo si kawirikawiri kuona alendo okaona malo akulowera kumeneko. Koma kuchepa kwakeko ndiko kumawachititsa kukhala malo abwino kwa munthu amene akuyamba kumene kukwera mapiri. Chikweza chake nchachifupi, ndipo munthu akafika pamsana pa phiri amatha kuyenda mtunda ndithu mopanda kukwawa pamatanthwe.

Wochokera ku Blantyre amatsata msewu wa M1 mpaka pa Zalewa, nakhotera mumsewu wa M6 wopita kuchipata cha Mwanza ndi Zobue. Kufika paboma ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Kuchoka apo, msewu wa ku Thambani umapatuka kulowera kummwera.

Maonekedwe a dera

Mapiri a chakumadzulo kwa Mwanza ndi Neno ndiwo amagawa madzi a mitsinje iwiri ikuluikulu. Mvula yogwa kummawa kwa msana imatsikira ku Shire, pomwe yogwa kumadzulo imalowera mbali ya Tete kukathira mu Zambezi. Pangano la 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal lidatsata mzere womwewu poika malire, choncho m'malo ena munthu woyenda pamwamba amakhala ali m'mphepete mwenimweni mwa dziko. Kumpoto, mtandadza wa m'malirewu umadziwika kuti Kirk Range, kutengera dzina la John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene adayenda ndi David Livingstone kuyambira 1858. Dzina lake lilinso m'dzina lasayansi la mtengo wa masuku, Uapaca kirkiana, umene ndi umodzi mwa mitengo yodziwika kwambiri ya m'nkhalango za miombo.

Mbali ina ya mapiri a Thambani ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, yomwe ili m'manja mwa nthambi yoona za nkhalango. Pansi pake pali miyala imene yakhala ikukopa akatswiri; kampani ya Mkango Resources idachitako kafukufuku wa miyala ya uranium, niobium ndi tantalum. Njira zokwerera m'mapiriwa sadalambule kaamba ka alendo ayi. Adaziponda ndi eni dera: otola nkhuni, ozula bowa, ofula njuchi ndiponso, kunena zoona, ootcha makala. Nchifukwa chake zimagawikana pafupipafupi, ndipo ina imangothera pauvuni wa makala wakale.

Mlendo wanzeru amayamba wakaonekera kwa nyakwawa ya mudzi wa m'tsinde mwa phiri, napempha munthu wodziwa njira kuti amuperekeze, atagwirizana naye malipiro ulendo usanayambe. Wofuna kulowa m'nkhalango yotetezedwa afunse kaye ku ofesi ya zankhalango paboma, popeza lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo, kuyatsa moto ndi kusaka m'malo otere popanda chilolezo. Kankhalango kowirira kamene kaima pakokha pafupi ndi mudzi nthawi zambiri kamakhala manda, ndipo salowamo mwachisawawa.

Kutalika kwa ulendo

Oyamba kumene amalakwitsa poyesa ulendo wa m'phiri ndi makilomita okha. Njira yowerengera imene William Naismith wa ku Scotland adaikonza mu 1892 ikugwirabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Ulendo wa makilomita 10 wokwera mamita 300 ungatenge maola awiri ndi theka kwa munthu wamphamvu wosapuma. Wosazolowera, kapena amene ali ndi ana, awonjezerepo ola limodzi kapena awiri, ndipo akumbukire kuti kutsika ndiko kumapweteka maondo ndi kugwetsa anthu ambiri kuposa kukwera.

Zonyamula nzochepa: nsapato zogwira pansi zimene phazi lidazolowera kale, chipewa, buluku lalitali, malita awiri kapena atatu a madzi, kamba monga mtedza, mbatata yophika kapena nthochi, tochi, ndi chiphaso chaunzika, poti ndi dera la m'malire. Foni isadaliridwe kwambiri, chifukwa m'zigwa netiweki imasowa.

Meyi mpaka Julayi

Iyi ndiyo nyengo yoyenera ulendo woyamba. Mvula imakhala italeka, nthaka yauma koma mitengo ikadali ndi masamba, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umakhala usanaphimbe mlengalenga. Pamsana pa phiri maso amafika kutali: kummawa dziko limatsetsereka kulowera kuchigwa cha Shire, kumadzulo kuli mapiri a ku Mozambique. Ndi nthawinso ya manachesi amene Mwanza idatchuka nawo, omwe amagulitsidwa milumilu m'mbali mwa msewu. Palibe kamba woposa ameneyu pachikweza.

Zovuta zake nziwiri. Choyamba ndi udzu, umene umakhala utatalika kupitirira munthu m'malo ena, nubisa njira, nkhupakupa ndi chitedze. Amene adakhudzapo chitedze chouma safuna kuuzidwa kawiri. Ubweya wake umayabwa koopsa, ndipo kukanda kumangoulowetsa m'khungu. Chachiwiri ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza yobwera ndi mphepo yochokera kunyanja ya mchere ya India, yomwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni chikakuta msana wa phiri, munthu saona ngakhale mtengo wa patsogolo pake, ndipo chanzeru nkuima kapena kubwerera njira yomwe wadzera. Masiku a Juni ndi aafupi: dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5:30 madzulo, ndipo mdima sutenga nthawi kugwa.

Ogasiti mpaka Okutobala

Mitengo ya miombo imayoyola masamba, kenaka, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ofiirira ngati mkuwa, ena otuwa ngati uchi. Pakangopita milungu yochepa masambawo amasanduka obiriwira. Amene afuna kuona mapiriwa ali m'chimake cha kukongola apite kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala.

Koma ndi nyengo yomweyi pamene tchire limapsa. Osaka mbewa, osula minda ndi alenje amayatsa moto, ndipo mphepo ikauka moto umathamanga msanga polowera kumtunda kusiyana ndi polowera kunsi, chifukwa malawi amayamba aumitsa ndi kutenthetsa udzu wa pamwamba pake. Munthu sangaupambane liwiro pachikweza. Woona utsi ukukwera kuchokera m'munsi asathawire kumtunda. Apite chammbali, pathanthwe lopanda udzu kapena palupsa pamene moto wadutsa kale.

Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Makhwawa ambiri amauma, kotero madzi onse akumwa ayenera kuchokera kunyumba. Ulendo uyambe mbandakucha kuti pomafika 10 koloko munthu akhale akutsika. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire chikamabwera, kapena wina akayamba kulankhula zosokonekera, ulendo wathera pomwepo: akhazikidwe pamthunzi, athiridwe madzi m'thupi, amwe pang'onopang'ono, ndipo ngati sakutsitsimuka athamangire naye kuchipatala. Chizimalupsa chikagwa, fumbi limagona ndipo msipu umatuluka paliponse padapsa.

Dzinja

Kuyambira Novembala mpaka Epulo phiri limakhala la eni ake. Masuku amapsa chakumayambiriro kwa dzinja, bowa amamera pansi pa miombo, ndipo amayi ndi ana amalawirira ndi madengu. Bowa wambiri wa m'nkhalangozi amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengoyo, ndiye kuti mtengo ukagwa bowa naye amatha. Apa mpamene makala opita ku Blantyre amaonetsera mtengo wake weniweni, umene sulembedwa pathumba. Mlendo asazule bowa womudya yekha popanda munthu wodziwa, pakuti wina wakupha amafanana kwambiri ndi wodyedwa.

Kuyenda m'dzinja nkotheka, koma si kwa ulendo woyamba. Dothi limaterera, misewu yafumbi ya kumidzi imasanduka matope, ndipo kamtsinje kamene munthu adaoloka mmawa madzi ali m'kakolo kangathe kusefukira masana chifukwa cha mvula yogwa kumtunda kumene iye sadaione. Choopsa kwambiri pamsana pa phiri ndi mphenzi, popeza munthu woima pamenepo ndiye amakhala chinthu chachitali. Phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu. Ngati bingu lamveka pasanathe masekondi 30 chiwalireni mphenzi, ndiye kuti ili pafupi mokwanira kuvulaza, ndipo ndi nthawi yotsika, osabisala pansi pa mtengo woima pawokha. Chenjezo la namondwe lochokera ku nthambi yoona zanyengo lisanyozedwe. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, adaonetsa m'chigawo chakummwera momwe mapiri okhuta madzi amagumukira.

Njoka zimayendayenda kwambiri kukatentha ndi m'dzinja. Zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri imangogona phee panjira, kudalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma. Wolumidwa asatemedwe mphini, asayamwidwe bala, ndipo asamangidwe chingwe chothina. Avule mphete ndi nsapato, mwendo kapena mkono usagwedezeke, ndipo anyamulidwe msanga kupita ku chipatala cha boma cha Mwanza.

Dzina lomwe lili m'mbiri

Kwa Amalawi ambiri achikulire, dzina loti Thambani silikumbutsa mapiri. M'mwezi wa Meyi 1983, mitembo ya nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi ya phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, idapezeka m'mbali mwa msewu wa ku Thambani pamodzi ndi galimoto yomwe idagwera kuphompho. Boma la nthawiyo lidalengeza kuti idali ngozi ya pamsewu. Komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994, ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, idapeza kuti anayiwo adachita kuphedwa. Mlandu udazengedwa mu 1995, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena amene adaimbidwa mlanduwo adapezeka osalakwa mu Disembala chaka chomwecho. Pamalopo padamangidwa chipilala chachikumbutso, ndipo wopita kukakwera mapiriwa angathe kupempha womuperekeza kuti akamuonetse.