Mbiri ya Nkhanza za Pachibale m'Masewero a Nthabwala a ku America

Sewero la nthabwala za m'banja, lomwe ku America amalitchula kuti sitcom, ndi sewero la pa wailesi yakanema lotenga pafupifupi theka la ola, lomwe limabwera sabata ndi sabata ndi anthu omwewo m'nyumba yomweyo, ndipo vuto lomwe labuka poyamba limayenera kutha gawolo lisanathe kuti sabata yotsatira zinthu ziyambirenso pomwe zinali. Kapangidwe kotere kamaika alembi pampanipani akafika pa nkhani ya ana a bere limodzi, pakuti mkangano wa mkulu ndi mng'ono wake umaseketsa msanga, koma ukamabwerezedwa kwa zaka zambiri, wolira nkumakhala mwana yemweyo, owonera amayamba kuona nkhanza pomwe alembi amati ndi macheza. Mbiri ya masewerowa ikusonyeza kuti owonera amapirira mwana wovutitsa m'bale wake pokhapokha wolemba atamupatsa chifukwa chomveka, ndiponso nkhanzazo zikamamubwerera mwini wake.

Poyamba wovutitsayo sankakhala m'nyumba. M'chaka cha 1952 eni mawailesi akanema ku America adagwirizana malamulo odziletsa okha, omwe mwa zina ankalimbikitsa kuti banja lizioneka lolemekezeka, ndipo makampani olipira malonda nawonso sankafuna kuti katundu wawo aoneke pafupi ndi ana opanda mwambo. Sewero la Leave It to Beaver, lomwe Joe Connelly ndi Bob Mosher adalemba ndipo lidaonetsedwa kuyambira 1957 mpaka 1963, lili ndi anyamata awiri, Wally ndi mng'ono wake Beaver, koma Wally ndi mkulu wolangiza ndi woteteza. Nkhanza adazisenzetsa mnzake wa Wally, Eddie Haskell, mnyamata wachiphamaso yemwe ankalonjera makolo mwaulemu wopitirira muyeso, makolowo akangotembenuka iye nkuyamba kunyoza Beaver. Mu The Brady Bunch, ya 1969 mpaka 1974, njiru idalowa m'nyumba kudzera mwa Jan yemwe ankachitira nsanje mkulu wake Marcia, koma makolo ankaithetsa ndi uphungu gawo lisanathe.

Zinthu zidatembenuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene malamulo aja anali atatha mphamvu ndipo wailesi yatsopano ya Fox inkafunafuna owonera achinyamata. Married... with Children idayamba mu 1987, Roseanne mu 1988 ndipo The Simpsons idayamba kuonetsedwa ngati sewero palokha mu 1989, ndipo m'masewero onsewa ana ankanyozana poyera makolo ali pomwepo. Anthu ena adanyansidwa nazo, kotero kuti mu 1992 mtsogoleri wa dzikolo, George H. W. Bush, adanena pagulu kuti akufuna mabanja a ku America afanane ndi banja la Walton la m'sewero lina lakale osati la Simpson. Komabe chiwerengero cha owonera, chomwe kampani ya Nielsen inkasonkhanitsa, chinkasonyeza kuti anthu ambiri adazindikira nyumba zawo m'mabanja aphokosowa.

Wovutitsa m'bale wake wolembedwa mwaluso m'nyengo imeneyi ndi Wayne Arnold wa mu The Wonder Years, sewero lomwe lidaonetsedwa pa ABC kuyambira 1988 mpaka 1993, ndipo nkhani yake imasimbidwa ndi mng'ono wake Kevin atakula kale. Wayne amamenya Kevin, amamupatsa maina onyoza, amamuchititsa manyazi pamaso pa atsikana, ndipo m'gawo lina amayamwa ndi makina ochotsera fumbi kanyama konga mbewa komwe Kevin ndi mnzake Paul ankasunga pa ntchito ya kusukulu. Chomwe chimapatsa gawoli kulemera ndi zimene zikutsatira, pakuti Kevin, mtima utamuwawa, amauza mkulu wakeyo maso ndi maso kuti alibe mnzake ndipo palibe amene amamukonda, ndipo owonera amaona nkhope ya Wayne ikugwa chifukwa mawuwo ndi oona. Alembi sadamusandutse munthu wabwino tsiku lomwelo, koma adaonetsa kuti ndi mwana wosakhoza m'kalasi, wokulira pansi pa bambo wouma pakamwa, yemwe mphamvu yokha imene ali nayo ndi ya pa mng'ono wake. Pomaliza pa sewero lonse owonera amauzidwa kuti bambo atamwalira, Wayne ndiye adatenga bizinesi ya mipando ya banjalo.

Malcolm in the Middle, yomwe Linwood Boomer adayambitsa pa Fox m'chaka cha 2000 ndipo idatha mu 2006 itafika magawo 151, idapitiriza njira imeneyi molimba mtima. Seweroli lidasiya kuseka kojambuliratu, kutanthauza phokoso la anthu oseka lomwe limaikidwa pambuyo pa nthabwala kuti owonera adziwe poti aseke, ndipo popanda phokosoli chibakera chimamveka ngati chibakera basi. M'banjali nkhanza zimatsika ngati madzi a padenga, kuchoka kwa Francis, mwana woyamba yemwe adatumizidwa kusukulu ya mwambo wa usilikali, kupita kwa Reese ndi Malcolm, mpaka kukathera pa Dewey wamng'ono. Reese ndiye wankhonya, koma alembi adamupatsa luso la kuphika lomwe abale ake alibe, ndipo adamuonetsa ali wosungulumwa. M'gawo lina atagonjetsedwa ndi mtsikana pa masewera ogwetsana amaleka kumenya anzake, sukulu nkusokonekera chifukwa ovutitsa ang'onoang'ono achuluka, ndipo Malcolm amazindikira kuti pakamwa pake pakuthwa pankatetezedwa ndi mantha omwe anthu anali nawo pa mkulu wake. Dewey naye sadasiyidwe kukhala wongolira, pakuti ali ndi luso la nyimbo komanso nzeru zobwezera mwakachetechete. Anyamatawa amagwirizana nthawi yomweyo mayi wawo Lois akawatulukira, ndipo umphawi wa banjalo, wogona atatu chipinda chimodzi, umafotokoza ndewu zambiri popanda wina kulalikira.

Kumene njira imeneyi idasokera ndi kwa Meg Griffin wa mu Family Guy, sewero la zithunzi zojambula pamanja lomwe lidayamba mu 1999. Meg amanyozedwa ndi abale ake, mayi ake ndi bambo ake omwe, sapatsidwa mpata weniweni wobwezera, ndipo omunyozawo salipira kanthu. M'gawo la 2011 lotchedwa Seahorse Seashell Party iye amawauza onse zolakwa zawo, koma kenaka amapepesa atagamula kuti banjalo limagwirizana pokhapokha litapeza munthu mmodzi womuthira mkwiyo wonse. Owonera ambiri ndi olemba za masewero adadzudzula mathero amenewa, ndipo kudandaula kwawo kunali koyenera, chifukwa seweroli lidazindikira nkhanzazo bwino lomwe kenaka nkuuza wozunzidwayo kuti kupirira ndiye udindo wake.

Kusintha kwa maganizo a owonera kudayendera limodzi ndi kafukufuku. M'chaka cha 2014 Lucy Bowes wa ku yunivesite ya Oxford ndi anzake adasindikiza mu magazini ya madokotala ya Pediatrics zotsatira za kafukufuku wa ana pafupifupi 7,000 a ku England, zosonyeza kuti omwe ankavutitsidwa ndi abale awo kangapo pa sabata ali ndi zaka 12 anali ndi chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri cha matenda ovutika maganizo pofika zaka 18. Pa nthawiyo sewero la The Middle, la 2009 mpaka 2018, linali litapeza kale muyeso wake, pakuti Axl amanyoza mlongo wake Sue kosalekeza, koma Sue sasweka mtima, ndipo akafika pothina Axl amaima naye. Pakati pa onsewa Wayne ndi Reese ndiwo adalembedwa bwino koposa, chifukwa nkhanza zawo zili ndi gwero looneka ndiponso zimawapweteka iwo eni, pamene Meg adalembedwa mwaulesi.