Nthawi ya Dzuwa, Nthawi ya Boma ndi Ola Losunthidwa M'maiko Otentha

Mchitidwe wopititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi chilimwe chikayamba, n'kuwabwezanso m'mbuyo kukayamba kuzizira, umatchedwa daylight saving time m'Chingerezi, dzina limene limapereka chithunzi chakuti pali kuwala kumene kukusungidwa, chikhalirecho dzuwa limatuluka ndi kulowa monga mwa masiku onse, ndipo chimene chimasintha ndi nambala yokha imene anthu agwirizana kupatsa ola lililonse. Ku Britain amangoti nthawi ya chilimwe, ndipo dzina limeneli n'losanamiza. Kuti zimveke chifukwa chake madera ambiri otentha amaukana mchitidwewu, m'pofunika kuyamba kulekanitsa mitundu itatu ya nthawi imene anthu amaisokoneza polankhula.

Woyamba ndi nthawi ya dzuwa, imene Chichewa chimaitchula bwino ndi mawu monga mbandakucha, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka ndi chisisira, ndipo nthawi imeneyi palibe lamulo limene lingaisunthe. Wachiwiri ndi nthawi ya boma, imene dziko limasankha kuti mawotchi ake onse azigwirizana. Popeza dziko lapansi limazungulira madigiri 360 m'maola 24, madigiri 15 aliwonse opita kum'mawa kapena kumadzulo amapanga kusiyana kwa ola limodzi, ndipo kuwerengako kumayambira pa mzere wongoyerekeza wodutsa ku Greenwich, umene maiko anausankha pa msonkhano wa ku Washington mu 1884. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo ndi maola awiri chaka chonse poyerekeza ndi nthawi ya pa mzerewo. Wachitatu ndi nthawi ya chilimwe ija, imene ili nthawi ya boma yowonjezeredwa ola limodzi. N'chifukwa chake munthu wa ku Lilongwe woimbira foni mbale wake ku London amapeza kuti akusiyana ndi maola awiri mu Januwale koma ola limodzi lokha mu Julayi.

Ganizo losuntha mawotchi linabadwira kutali ndi ikweta, kumene utali wa usana umasintha kwambiri. Ku London usana umapitirira maola 16 mu Juni koma sukwana maola 8 mu Disembala, pamene ku Lilongwe umangosinthasintha pakati pa maola 11 ndi 13. William Willett, amene anafalitsa ganizoli ku Britain mu 1907, ankadandaula kuti anthu amakhala ali m'tulo dzuwa litatuluka kalekale, ndipo dziko la Germany, limene linayamba kulitsatira pa 30 Epulo 1916 nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, linkafuna kupulumutsa malasha ochititsa kuti nyale ziyake madzulo. Phindu lonse linagona pa zinthu ziwiri, ndizo m'mawa wautali umene ungachotsedweko ola popanda wodandaula, ndi madzulo amene anthu amalakalaka kuti atalike.

M'dziko lotentha chinthu chachiwiricho chimatembenuka, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Kutentha sikufika pachimake dzuwa lili paliwombo, koma maola angapo pambuyo pake, chifukwa nthaka, misewu ndi makoma a nyumba zimayamba zamwa kutenthako, n'kumakutulutsa pang'onopang'ono mpaka usiku. Wotchi ikapita patsogolo, munthu woweruka 5 koloko amakhala akuweruka 4 koloko ya nthawi ya boma, ndiye kuti amayenda ulendo wobwerera kunyumba dzuwa likuswa mtengo, n'kukagona makoma asanazizire. Mzinda wa Phoenix ku Arizona m'dziko la United States, umene mu 2023 unakhala masiku 31 otsatizana kutentha kukufika kapena kupitirira madigiri 43, umaona dzuwa likulowa cha m'ma 7:40 madzulo kumapeto kwa Juni, ndipo likanamalowa cha m'ma 8:40 chikhala kuti dera la Arizona silinatulukemo m'dongosololi mu 1968. Komabe anthu a mtundu wa Navajo, amene dziko lawo linalowerera mpaka ku Utah ndi New Mexico, amasuntha mawotchi awo ngakhale ali mkati mwa Arizona, kuti dera lawo lonse likhale ndi nthawi imodzi.

Akatswiri a zamagetsi amalankhula za ola la pachimake, kutanthauza nthawi imene anthu ambiri amafuna magetsi pakamodzi, ndipo malo opangira magetsi amamangidwa poganizira ola limeneli. Kale ola la pachimake linkafika kukangoda, nyale zikamayatsidwa, koma kumene makina oziziritsa m'nyumba afala, olali lasunthira masana. Ofufuza awiri, Matthew Kotchen ndi Laura Grant, atayerekeza mabilu a magetsi ku Indiana, kumene dera lonse linayamba kusuntha mawotchi mu 2006, anapeza kuti magetsi a m'makomo anakwera ndi pafupifupi 1 pa 100 alionse, chifukwa zimene zinapulumutsidwa pa nyale zinathera pa kuziziritsa ndi kutenthetsa nyumba. Dziko la Brazil, limene linayamba kuyesa mchitidwewu mu 1931, linauthetsa mu 2019 pa chifukwa chofanana ndi chimenechi.

Mbali yofuna kusuntha mawotchi nayo ili ndi mfundo zake. Alimi ndi omanga nyumba amapindula akayamba ntchito kusanatenthe, ngakhale kuti phindu limeneli lingapezeke mwa kungosintha maola a ntchito popanda kukhudza wotchi ya dziko lonse. Dziko la Egypt linabwezeretsa nthawi ya chilimwe mu Epulo 2023 ponena kuti likufuna kuchepetsa mphamvu zimene limagwiritsa ntchito. Mfundo yolemera kwambiri ndi ya malonda ndi oyandikana nawo, pakuti pamene Mexico inathetsa mchitidwewu mu 2022, mizinda yambiri ya m'malire inaloledwa kupitiriza kuti isasiyane ndi mizinda ya ku United States ya tsidya linalo. Ku Queensland m'dziko la Australia, pa referendamu ya 1992, anthu a mumzinda wa Brisbane ndi madera ozungulira ambiri anavomera, koma a kumpoto ndi kumidzi, kumene kumatentha kwambiri, anakana mwamphamvu, ndipo okana anapambana ndi mavoti pafupifupi 55 pa 100 alionse.

Chimene chimasowa m'dziko lotentha si kuwala koma kuzizira kwa mbandakucha ndi kwa usiku, ndipo lamulo lotalikitsa madzulo limabera anthu ola limodzi la kuzizirako pa nthawi imene akufuna kugona. Boma la dziko lotere likafuna kuteteza antchito ndi ana asukulu ku dzuwa, lisinthe maola oyambira ntchito ndi maphunziro m'miyezi yotentha, wotchi liisiye pamene ili.