Singano, Chiguduli ndi Chikhulupiriro: Mbiri ya Amayi Osoka a ku Chile



Sabata ino tiyeni tibwerere m'mbuyo zaka makumi asanu, tipite ku Chile, dziko lalitali koma lopapatiza limene lili pakati pa mapiri a Andes ndi nyanja ya Pacific ku South America. Kumeneko Mpingo unathandiza amayi osauka kupeza chakudya cha ana awo ndi zinthu zimene ife timataya tsiku ndi tsiku: matumba akutha a ufa ndi tizidutswa ta nsalu zakale.

Pa 11 September 1973 asilikali otsogoleredwa ndi Augusto Pinochet analanda boma la pulezidenti Salvador Allende. Anthu miyandamiyanda anamangidwa ndi kuzunzidwa. Kafukufuku amene boma linachita ulamulirowo utatha anapeza kuti anthu oposa 3,000 anaphedwa kapena kusowetsedwa. Ambiri mwa iwo anali abambo ndi anyamata omwe ankadyetsa mabanja awo. Ena amene sanamangidwe anachotsedwa ntchito, ndipo chuma cha dziko chitagwa mu 1975, njala inalowa m'makomboni a mzinda wa Santiago. Mayi ankatsala yekha ndi ana, osadziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi, popeza mtembo sanauone ndipo boma linkakana kuti silikumudziwa mwamuna wake.

Arkiepiskopi wa Santiago panthawiyo anali Kadinala Raúl Silva Henríquez, wansembe wa chipani cha Salesian. Mu October 1973, iye pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ina yachikhristu ndi a Chiyuda anakhazikitsa komiti yothandiza ozunzidwa, yotchedwa Comité Pro Paz. Amayi ankabwera ku komitiyo kudzafunsa za abale awo osowa, ndipo pamzere wodikira maloya m'pamene anayamba kudziwana. Ogwira ntchito m'komitiyo anaona kuti amayiwa akusowa zinthu ziwiri nthawi imodzi: chilungamo ndi chakudya. Chilungamo chikanachedwa, koma mimba ya mwana sidikira khothi. Motero mu 1974 magulu oyamba a amayi osoka anayamba kukumana.

Pinochet anakakamiza Kadinala kuti atseke komitiyo, ndipo inatsekedwadi kumapeto kwa 1975. Koma pa 1 January 1976 Kadinala anatsegula nthambi yatsopano ya arkidayosizi, Vicaría de la Solidaridad, kutanthauza ofesi ya umodzi ndi ovutika. Anaiika m'nyumba yoyandikana ndi tchalitchi cha kathedralo, pabwalo lalikulu la Plaza de Armas, ndipo mkulu wake woyamba anali wansembe. Popeza tsopano inali chiwalo cha Mpingo weniweniwo, boma silikanatha kuitseka popanda kulimbana poyera ndi Mpingo wonse. Magulu a amayi aja anapitiriza ntchito yawo pansi pa denga limeneli.

Chimene ankasoka chimatchedwa arpillera, mawu a Chisipanishi otanthauza chiguduli. Mayi ankadula thumba la ufa kuti likhale maziko. Pamwamba pake ankasokerapo zigamba za mitundumitundu mpaka zitapanga chithunzi, kenaka n'kulukira ulusi wa ubweya m'mphepete monse. Anthu a m'chithunzimo ankakhala tizidole tansalu totukuka, tovala madiresi ndi mabuluku. Kumtunda nthawi zambiri kunkakhala mapiri a Andes ndi dzuwa, kuti aliyense adziwe kuti zimenezi zikuchitika ku Chile. Amayi ena ankasoka kathumba kumbuyo n'kuikamo kakalata kofotokoza nkhani yake. Ambiri sankalembapo dzina lawo, poopa apolisi achinsinsi.

Nanga ankajambula chiyani? Ankajambula moyo wawo: fakitale yotsekedwa, amayi pamzere wotunga madzi, mphika waukulu umene anthu a dera limodzi ankaphikiramo pamodzi, ana akudya m'holo ya parishi, asilikali akukoka munthu pakhomo pake. Pa zithunzi zambiri panali funso limodzi losokedwa ndi ulusi: Ali kuti? Amayi ena ankadula malaya a mwana wawo wosowa n'kuvekera kachidole koimira mwanayo. Tiyeni tiime kaye pamenepa. Mayi amene wasunga malaya a mwana wake kwa zaka, akuyembekeza kuti abwera kudzavala, tsiku lina akuwalowetsa sizasi kuti anthu a kutali adziwe kuti mwanayo analipo.

Mbali ya malonda inkayenda motere. Vicaría inkapereka nsalu ndi ulusi, ndipo maparishi ankapereka chipinda chokumaniramo. Gulu lililonse linali ndi atsogoleri ake, kuphatikizapo msungichuma ndi woona ngati ntchito yasokedwa bwino. Yosasokedwa bwino inkabwezedwa kuti ikonzedwe. Msungichuma ankatenga zomalizidwa kupita nazo ku Vicaría, imene inkazigula n'kuzitumiza kunja kudzera mwa amishonale, mabungwe achifundo ndi anthu a ku Chile othawira ku Ulaya ndi ku North America. Ndalama zikabwera, mayi aliyense ankalandira zake, ndipo gawo lina linkatsala m'thumba la gulu logulira zipangizo ndi kuthandiza amene wagwa m'mavuto. M'mabanja ambiri ndalama imeneyi ndiyo yokha inkalowa pakhomo.

Tikaonetsetsa, Mpingo sunkagawa mphatso. Unkagula ntchito ya manja. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wolandira mphatso amathokoza n'kudikira ina. Wogulitsa amaphunzira kuwerengera mtengo, kusunga nthawi, kulemba kaundula ndi kulankhula pamsonkhano. Amayi ambiri amene anali asanatsogolerepo chilichonse anaphunzira zimenezi m'zipinda za parishi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa zinaoneka: mayi mmodzi sakanafika ku msika wa ku Ulaya, koma gulu linafikako.

Boma silinakondwere. Nyuzipepala zogwirizana nalo zinkanena kuti nsaluzi zikunyozetsa dziko, ndipo mitolo ina inagwidwa isanatuluke m'dziko. Komabe singano sizinaime. Chuma chitagwanso mu 1982, amayi ochuluka analowa m'magulu, ndipo luso lomweli linafika ku Peru, kumene amayi a m'makomboni a Lima anayamba kusoka zawo.

Pa 5 October 1988 anthu a ku Chile anavota kukana kuti Pinochet apitirize kulamulira, ndipo mu March 1990 Patricio Aylwin analowa pampando. Apa panabuka vuto limene tiyenera kuliphunzira. Ogula ambiri akunja ankagula chifukwa chomvera chisoni anthu oponderezedwa. Ufulu utabwera, chidwi chawo chinachepa, pomwe umphawi wa amayi unali usanathe. Magulu ambiri anatha. Mu 1990 panakhazikitsidwa bungwe la Fundación Solidaridad kuti lipitirize mbali ya ntchito zamanja. Bungweli linathandiza amisiri kukhazikitsa mabizinesi awo ang'onoang'ono ndi kupanga zinthu zoti munthu agule chifukwa wazikonda, monga zidole, zikwama ndi makadi. Vicaría yokha inatseka zitseko pa 31 December 1992. Masiku ano arpillera zina zimasungidwa m'nyumba yokumbukira za ufulu wa anthu imene inatsegulidwa ku Santiago mu 2010.

M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 9, timawerenga za Tabita wa ku Yopa. Atamwalira, amayi amasiye anaonetsa Petro zovala zimene iye ankasoka. Umboni wa chikhulupiriro chake unali nsalu zogwirika ndi manja. Amayi a ku Santiago anasiyanso umboni wotere.

Tsono funso likubwerera kwa ife. M'miphakati mwathu muli amayi odziwa kusoka, kuluka ndi kuumba, amene chikuwasowa ndi mpamba wochepa ndi msika wokhazikika. Ife achinyamata timadziwa kulemba kaundula, kujambula zithunzi pafoni ndi kufalitsa uthenga. Kodi yunifolomu ya kwaya, nsalu ya paguwa ndi mphatso za paukwati timazigula kuti? Kodi tikagula kwa mayi wa m'mphakati mwathu timamulipira mtengo woyenera, kapena timanenerera mpaka phindu lake litatha, poti ndi mkhristu mnzathu? Ndipo ngati tiyambitsa gulu, tiliyambitse kuti lidzaime palokha tsiku limene othandiza adzachoke.

Sabata ino, aliyense wa ife apeze mayi mmodzi wotere, amufunse za ntchito yake, ndipo adzatiuze pamsonkhano wathu wa Lamulungu likudzali.

Amayi Maria, amene munalera Ambuye Yesu m'nyumba ya mmisiri, mutipempherere.