Dzino lachitatu la pulagi m'minda ya tiyi ku Thyolo

Pamene Maclean Kay ankatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923, ku Thyolo kunalibe nthambo ya magetsi yochokera kumtsinje wa Shire. Mafakitale a tiyi ankaumitsa masamba ndi moto wa nkhuni, ndipo makina ankayendetsedwa ndi mainjini a pa esiteti pomwepo. Magetsi a pa Shire anayamba mu 1966 siteshoni ya Nkula itatsegulidwa, Tedzani n'kutsatira mu 1973. Ngakhale pamenepo babu linkayaka kufakitale, kuofesi ndi kunyumba za mabwana. Kumakomboni usiku unali udakali wa koloboyi.

Soketi imene inakhazikika pamakoma amenewo ndi ya ku Britain, ya mabowo atatu, yomwe kwawoko anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1947. Dzino lapamwamba la pulagi yake analitalikitsa dala. Ndilo limayamba kulowa, n'kukankha kachitseko kotseka mabowo awiri apansi, kamene kamaletsa mwana kupisamo msomali. Ndilonso lolumikizidwa ku waya wa earth, wopita kuchitsulo chokhomedwa m'nthaka. M'fakitale ya tiyi, momwe makina ndi achitsulo ndipo pansi pamatsukidwa ndi madzi, wayayu ndiye mtetezi wa wantchito: nthambo ikasupuka n'kukhudza thupi la makina, magetsi amathawira m'nthaka, fyuzi n'kupsa, munthu osagwidwa nyesi.

Koma magetsi atafika m'nyumba za anthu wamba ndi m'misika ya Bvumbwe, Luchenza ndi pa boma, katundu wobwera nawo sanali wa ku Britain. Anali wa ku Joni, ku Dubai, ku China ndi wa pakaunjika, aliyense ndi pulagi yakwawo. M'gulu limeneli munali PlayStation ya kampani ya Sony, imene inatuluka mu 1994, ndi PlayStation 2 ya mu 2000. Makinawa anadzapeza malo m'tinyumba ta magemu, momwe anyamata amalipira kuti amenye mpira pakanema.

Nthambo ya makinawa ili ndi mawaya awiri basi, ndipo sichilema ayi. Anawapanga ndi zotchinga magetsi ziwiri, mwakuti chimodzi chikalephera china chimagwirabe, magetsi osafika pomwe dzanja likugwira. Chizindikiro chake ndi kabokosi kojambulidwa m'kati mwa kabokosi kena, kunsi kwa makinawo kapena pa adaputa. Chipangizo chotere sichifuna waya wa earth. N'chifukwa chake machaja ena amakhala ndi dzino lapamwamba lapulasitiki, longotsegulira kachitseko kaja. Kunyerenyetsa kumene munthu amamva akakhudza chitsulo cha kumbuyo kwa kanema nthawi zambiri kumachokera ku timagetsi tochepa todontha m'kati, koma kukafika pobaya, chipangizocho chimafunika wodziwa za magetsi.

Ngozi yeniyeni inali kwina. Magetsi a ku Malawi ndi a 230V, a ku Japan 100V, a ku America 120V. PlayStation 2 yoyambirira, yonenepa ija, inkapangidwira magetsi a dera limene ikukagulitsidwa, choncho ya ku Japan ikalumikizidwa pa Luchenza popanda thiransifoma inkapsa nthawi yomweyo. Yopyapyala ya mu 2004 inabwera ndi adaputa yolandira kuyambira 100V mpaka 240V, ngakhale kuti mu 2005 Sony inaitanitsa ena mwa maadaputawo chifukwa ankatentha mopitirira. Adaputa yeniyeni ikafa, mwini kanyumba amagula yotchipa pamsika, yokhala ndi kabokosi kaja pachikuto koma m'kati zotchinga zili zachinyengo.

Panabadwanso chizolowezi chodziwika m'nyumba zambiri: kupisa kamtengo ka machesi kapena chivindikiro cha cholembera m'bowo lapamwamba, kuti pulagi ya mano awiri obulungira ilowe. Imalowadi, koma imakhala yogwedera, imathetheka, ndipo ilibe fyuzi imene pulagi ya mano atatu imakhala nayo.

Namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130MW ndipo kuthimathima kunakula. Ena a magemu anatembenukira ku majenereta ang'onoang'ono ndi sola, kumene kawirikawiri kulibe chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Kumafakitale, amisiri a magetsi amayezabe waya wa earth pa makina opota ndi kuumitsa tiyi.