Zaka 100 za Kutula Nkhawa kwa Mulungu m'Dziko la Niassa

Pamene parishi yathu ikukumbukira zaka 100 chifikire ansembe oyamba a Katolika m'dziko lino la Niassa, nkoyenera kufunsa chimene chinasunga makolo athu m'chikhulupiriro. Mlendo woona tchalitchi chachikulu cha Yosefe Woyera muno mu Lichinga chitadzaza Lamulungu m'mawa angaganize kuti Eklezia wa kuno anakula mwamtendere ngati nthochi ya m'dimba. Mbiri ikunena zina. Kanayi konse ntchito ya Mulungu kuno inafika pamene nzeru za anthu zinathera, ndipo kanayi konse panapezeka anthu amene anatula nkhawa zao kwa Mulungu, napitiriza kugwira ntchito ya tsiku limenelo.

Chiyambi cha ku Mandimba ndi ku Massangulo

Uthenga wa Khristu unali utamveka kale m'mbali mwa nyanja, kumene abale athu a mpingo wa Anglican anayamba kulalika m'zaka za m'ma 1880. Koma ansembe a Katolika anafika mu 1926. Iwo anali a chipani cha Consolata, chimene Bambo Giuseppe Allamano anachiyambitsa ku Turin, m'dziko la Italy, mu 1901. Bambo Allamano anamwalira pa 16 Febuluwale 1926, ndipo patangopita masabata owerengeka mwana wao wauzimu, Bambo Pietro Calandri, anafika ku Mandimba. Motero ntchito ya kuno inayamba ngati mwana wamasiye, tate wake atangoikidwa kumene m'manda.

Pa nthawi imeneyo dziko lino linkalamulidwa ndi kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inasiya ulamuliro mu 1929. Mzinda wathu uno kunalibe, pakuti Vila Cabral anakhazikitsidwa mu 1931. Mu 1928 Bambo Calandri anatsegula mishoni ya Massangulo pakati pa Ayao, amene ambiri mwa iwo anali Asilamu okhazikika pa chipembedzo chao. Vuto lalikulu silinachokere kwa eni dziko ai. Boma la Portugal linkakayikira ansembe a ku Italy, ndipo akulu a Eklezia ku Lourenço Marques sanavomereze mishoniyo. Kwa zaka zingapo ansembe aja analetsedwa kugwira poyera ntchito yeniyeni imene anaolokera nyanja.

Tangoganizani wansembe amene wasiya kwao, wapirira malungo ndi njala, ndipo tsopano akuuzidwa ndi akulu ake omwe kuti akhale chete. Wina akadamanga katundu wake. Bambo Calandri ndi anzao, pamodzi ndi asisteri a Consolata, anasankha kumvera ndi kudikira. Podikirapo sanapinde manja: analera ana amasiye, analima, anaumba njerwa, anaphunzitsa anyamata ukalipentala ndi ntchito zina zamanja. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 chiletso chija chinachotsedwa, ndipo mamishoni ena anatsegulidwa ku Mepanhira, ku Mitúcue ndi ku Maúa. Bambo Calandri anamwalira mu 1967, ataona ndi maso ao Niassa ali ndi episkopi wakewake.

Nkhondo yomenyera ufulu

Dayosizi ya Vila Cabral inakhazikitsidwa pa 21 Julayi 1963, ndipo episkopi woyamba, Ambuye Eurico Dias Nogueira, anayamba ntchito mu 1964. Chaka chomwecho, m'mwezi wa Sepitembala, nkhondo yomenyera ufulu inabuka, ndipo mfuti zoyamba za kuno zinalira ku Cóbuè, m'mbali mwa nyanja. Dayosizi inali khanda, koma nkhosa zake zinabalalika nthawi yomweyo. Ena anathawira pa chilumba cha Likoma, ena ku Malawi ndi ku Tanzania, ena m'thengo. Otsala anasonkhanitsidwa ndi asilikali a Chipwitikizi m'midzi yokakamiza, kutali ndi minda ndi manda a makolo ao.

Mkhristu wamba anali pakati pa moto uwiri. Usana ankafunsidwa ndi asilikali a boma, usiku ndi ankhondo a m'thengo, ndipo yankho lililonse linkatha kumuphetsa. M'nyumba zambiri munali mwana mmodzi mbali iyi, wina mbali inayo. Amai amene ankapemphera kolona masiku amenewo sakadatha kupempha kuti mbali imodzi ithe psiti, chifukwa konse kunali magazi ao. Ankangopereka ana onse awiri m'manja mwa Amai Maria. Ndipo pa nthawi imene mantha ankachititsa anthu kukayikirana, Ambuye Eurico analembera Asilamu a m'dayosizi muno kalata ya ubale mu 1966, kuwakumbutsa kuti iwo ndi ife timapembedza Mulungu mmodzi ndi kulemekeza mai wake wa Yesu.

Eklezia wolandidwa zonse

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo mzinda uno unatchedwa Lichinga. Chimwemwe chinali chachikulu, koma pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga masukulu ndi zipatala zonse za mamishoni. Amishonale ambiri anachoka. Otsala sankaloledwa kuyenda momasuka, ndipo matchalitchi ena anatsekedwa. Zimene zinamangidwa m'zaka pafupifupi 50 zinachoka m'manja mwa Eklezia m'nthawi yochepa, kotero kuti ambiri anayesa kuti Chikhristu cha kuno chafika pamapeto.

Mu 1977 maepiskopi, ansembe ndi akhristu eni ake anasonkhana ku Beira, nagwirizana kuti Eklezia wa ku Mozambique akhale m'miphakati, momwe aliyense ali ndi udindo wake. Nzeru imeneyi inabadwa m'kusowa. Popeza wansembe sankatha kufika, mkulu wa mpingo ankatsogolera mapemphero a Lamulungu. Wina ankaphunzitsa katekisimu, wina ankayendera odwala, wina ankaika maliro. Pansi pa mtengo wa mango, m'kachisi wa udzu, nthawi zina m'nyumba ya munthu zitseko zili zotseka, Mau a Mulungu anamvekabe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Eklezia wa ku Niassa linasenzedwa ndi mitu yambiri imene maina ake sanalembedwe m'buku lililonse.

Mbusa wa zaka zimenezo anali Ambuye Luís Gonzaga Ferreira da Silva, wa chipani cha Ayezuiti, amene anatsogolera dayosizi kuyambira 1972 mpaka 2003. Iwo sanachoke. Mu 1983, pamene boma linasamutsira kuno anthu zikwi zambiri ochokera m'mizinda ya kummwera, pa ndondomeko yotchedwa Operação Produção, ambiri mwa iwo anafika opanda chofunda m'dziko lozizira ngati lino. Eklezia amene iye mwini anali wosauka anagawana nao chochepa chimene anali nacho.

Madzi a ku Nipepe

Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inaposa zonse zam'mbuyo. Njanji ya ku Cuamba inkaukiridwa, misewu inatcheredwa mabomba, ndipo Lichinga anakhala ngati chilumba, mchere ndi sopo zili zosowa. Anthu pafupifupi 1,000,000 a dziko la Mozambique anathawira ku Malawi. M'masiku amenewo munachitika chinthu chimene dayosizi yathu sidzaiwala.

Nipepe ili kummwera chakuvuma kwa dayosizi, pafupi ndi mtsinje wa Lúrio, pakati pa Amakua. Kumeneko kunali malo ophunzitsira akatekisti, amene ankakhala pa mishoni ndi mabanja ao. Pa 10 Januwale 1989, m'mawa, ankhondo a Renamo anafika. Anthu oposa 200, ambiri mwa iwo amai ndi ana, anatsekeredwa m'tchalitchi, ndipo anakhalamo masiku atatu m'kutentha kwa mwezi umenewo. Munalibe chitsime kapena mtsuko. Madzi okha anali ochepa amene anatsala m'chobatiziramo chosemedwa pa thunthu la mtengo.

Wansembe wa pamalopo, Bambo Giuseppe Frizzi, pamodzi ndi akatekisti, anapempha chithandizo cha Sisteri Irene Stefani, sisteri wa Consolata amene anamwalira ku Kenya pa 31 Okutobala 1930 atatenga matenda posamalira wodwala. Ana atayamba kulira ndi ludzu, akulu analola kuti madzi a ubatizo amwedwe. Anthu anatunga, namwa, natunganso, ndipo madziwo anakwanira onse kufikira tsiku limene anatuluka. Eklezia anafufuza nkhaniyi mosamala, kumva mboni zimene zinali m'tchalitchimo, ndipo anaivomereza kuti ndi chozizwitsa. Chifukwa cha madzi a ku Nipepe, Sisteri Irene anatchulidwa Wodala ku Nyeri, m'dziko la Kenya, pa 23 Meyi 2015.

Tisaiwale kuti si onse a nthawi imeneyo amene anaona chozizwitsa. Akhristu ambiri okhulupirika anafera m'njira ndi m'minda, ena anagwidwa kukasenza katundu osabwereranso. Iwonso anakhulupirira Mulungu, ndipo chikhulupiriro chao sichinali chochepa kuposa cha amene anapulumuka. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndi chithandizo cha gulu la Sant'Egidio ndi cha Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa ku Beira. Othawa nkhondo atabwerera, ansembe anapeza miphakati ili moyo m'madera amene sanafikeko kwa zaka zambiri, ana ataphunzira mapemphero, maina a obatizidwa atasungidwa m'timabuku tong'ambika.

Cholowa chathu

Tikaika pamodzi nthawi zinayi zimenezi tikuona chinthu chimodzi. Makolo athu m'chikhulupiriro anali ndi mantha monga ife. Kukhulupirira Mulungu sikunawachotsere mantha, ndipo sikunawalonjeze kuti tsoka lidzawalambalala. Kunawapatsa mphamvu yochita choyenera lero, mawa nkulisiya kwa Mwini wake. Bambo Calandri anaumba njerwa asanadziwe ngati adzaloledwa kulalika. Mkatekisti wa m'mudzi anaphunzitsa ana asanadziwe ngati wansembe adzabweranso. Amai a ku Nipepe anatunga chikho choyamba asanadziwe ngati chachiwiri chidzapezeka.

Lero nkhawa zathu ndi zina: mvula yosadalirika, mtengo wa feteleza, achinyamata otsiriza sukulu osapeza ntchito, matenda a m'banja, ndi chipwirikiti chimene chinayamba kwa anansi athu a ku Cabo Delgado mu 2017. Nkhawa zimenezi n'zenizeni, ndipo Mkhristu sachimwa pozimva. Chimene mbiri yathu ikutiletsa ndicho kuzisenza tokha, ngati kuti Mulungu amene anasunga Massangulo ndi Nipepe wakalamba. Tizitule pa guwa pa nsembe ya Misa, tizitule mu mphakati pamene abale angathe kutithandiza, kenaka titenge khasu.

Bambo Allamano, amene anamwalira ana ao asanaponde dothi la Niassa, anatchulidwa Woyera pa 20 Okutobala 2024. Iwo pamodzi ndi Irene Wodala, ndi akhristu onse a kuno amene anagona m'chikhulupiriro, atipempherere, kuti amene adzalembe mbiri ya zaka 100 zikubwerazi adzatipeze nafenso tinali okhulupirika pa ntchito ya tsiku lathu. Amai Maria, Mtonthozi wa osauka mtima, asunge parishi yathu.