Liwiro la pa Dzuwa: Zimene Zinacitika mu 1904

Inu a ku Nyimba ndi Petauke simufunika kuuzidwa za dzuwa la mu Okutobala. Masana mcenga umaocha ku mapazi, ndipo ngakhale mbuzi zimathawira mumthunzi. Tsono taganizani munthu akuthamanga makilomita 40 pa dzuwa lotere, madzi akumwa ali osowa. Izi zinacitikadi.

Pa 30 Ogasiti 1904, pa masewera a Olympic mu mzinda wa St. Louis ku America, amuna 32 anayamba mpikisano wa liwiro lalitali wochedwa marathon. Anauyamba masana, kutentha kutafika pa madigiri 32. Mseu unali wafumbi, ndipo magalimoto operekeza anali kuwathira fumbilo kumaso. Mkulu wa masewerawo, James Sullivan, anacepetsa dala malo omwerapo madzi, pofuna kuona m'mene thupi lingapirire ludzu.

Pa anthu 32 aja, 14 okha ndiwo anatsiriza. William Garcia anam'peza ali gone m'mbali mwa mseu, fumbi litamuononga m'mimba, ndipo anapulumukira kucipatala. Fred Lorz atalema anakwera galimoto, natsika kutsogolo, nalowa m'bwalo monga wopambana, koma cinyengo cake cinaululika. Wopambana weni-weni, Thomas Hicks, anzake anali kum'mwetsa mazira, mowa waukali ndi strychnine, mankhwala ophera makoswe. Anafika pothera ali dzandi-dzandi, anthu atam'gwiririra.

Mu gulu lomwelo munali Atswana awiri ocokera ku South Africa, Len Taunyane ndi Jan Mashiani, anthu akuda oyamba a mu Africa kupikisana pa Olympic. Iwo anapita ku St. Louis kukagwira nchito pa cionetsero ca nkhondo ya Mabunu. Taunyane anatsiriza pa nambala 9, ngakhale kuti agalu anam'pitikitsa mpaka kusiya njira. Mashiani anakhala wa nambala 12.

Akulu a masewera sanaphunzire msanga. Mu 1912 ku Stockholm, pa tsiku linanso lotentha, Francisco Lázaro wa ku Portugal anadzola mafuta olimba thupi lonse kuti adziteteze ku dzuwa. Anagwa panjira ndipo anamwalira m'mawa mwake. Thukuta ndilo limaziziritsa thupi pamene liuma pakhungu. Likatsekerezedwa, kapena madzi akatha m'thupi, kutentha kumakwera mpaka ubongo ndi impso kuonongeka.

Masiku ano okonza mipikisano amaopa dzuwa. Mu 2019 ku Doha, marathon ya akazi inayamba pakati pa usiku, komabe 28 mwa othamanga 68 analephera kutsiriza. Pa Olympic ya mu 2021, mpikisanowu unacotsedwa ku Tokyo n'kupita ku Sapporo pothawa kutentha.

Nanga inu? Gulu lanu likakonza liwiro kapena mpira m'cilimwe, yambani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ikani madzi abwino m'malo angapo panjira. Mnzanu akayamba cizwezwe, kudzandira kapena kulankhula zosamveka, musam'nyoze kuti ndi wamantha, ndipo musam'kakamize kupitiriza. M'gonekeni pamthunzi, m'thireni madzi ozizira thupi lonse, ndipo fulumirani naye kucipatala. Mpikisano udzakhalaponso caka ca mawa, ndipo tifuna kuti mnzanuyo adzathamange nanu.